Santorini yachita bwino kuyamba kuwerenga alendo ake

Mu Julayi 2024, mkulu wina wa khonsolo pachilumba cha Santorini m'dziko la Greece analemba uthenga wopempha anthu okhala pachilumbapo kuti achepetse zoyendayenda tsiku limenelo, chifukwa kunkayembekezeka kubwera alendo pafupifupi 17,000 pa sitima zikuluzikulu zapamadzi. Anthu atakwiya, uthengawo unafufutidwa msanga, koma mkangano umene unabutsa sunazirale mpaka lero. Chilumba chonsecho chili ndi anthu okhazikika pafupifupi 15,500. Ndiye kuti pa tsiku limodzi lokha alendo oyembekezeka kutsika m'sitima ankaposa eni mudzi, ndipo amene anauzidwa kuti apatuke ndi eni mudziwo. Patatha miyezi iwiri, nduna yaikulu Kyriakos Mitsotakis inalengeza kuti mlendo aliyense wotsika m'sitima zoterezi ku Santorini ndi kuchilumba china cha Mykonos azilipira mayuro 20 m'miyezi ya alendo ambiri, ndipo msonkhowu unayamba kugwira ntchito mu 2025. Nayo khonsolo, motsogozedwa ndi meya Nikos Zorzos, inakhwimitsa lamulo loti alendo a m'sitima asapitirire 8,000 pa tsiku. Eni sitima, eni mashopu ena komanso alendo ambiri akuti uku n'kuluma dzanja lokudyetsa.

Ine ndili kumbali ya malirewa. Msonkhowu ndi woyenera, chiwerengero cha 8,000 n'choyenera, ndipo ngati pali cholakwika n'chakuti zabwera mochedwa komanso sizikukwanira. Ndikunena izi ngati munthu amene ndinafikako, ndinagonako masiku anayi, ndipo ndinabwerako ndili wofunitsitsa kuti aliyense amene ndimamukonda adzachione chilumbachi ndi maso ake. Chifukwa changa n'chimodzi: Santorini ndi mudzi wa anthu womangidwa pamlomo pa phiri lophulika lomwe likadali lamoyo, wopanda mtsinje ngakhale umodzi, wa tinjira topapatiza, ndipo malo otere ali ndi mlingo wa anthu amene angawanyamule pa tsiku. Mlingowo unaikidwa kale ndi miyala, masitepe ndi kuchepa kwa madzi. Meya wangoulemba papepala.

Kuti timvetsetsane, tiyambe ndi mmene malowa alili. Santorini ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 76, kutanthauza kuti Likoma angalowemo kanayi basi. Zaka pafupifupi 3,600 zapitazo phiri la pamenepa linaphulika mwamphamvu yoopsa, pakati pa chilumba panatitimira, nyanja n'kulowamo. Chimene chinatsala ndi mtunda wopindika ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo mbali yake yam'kati ndi chiphompho choongoka chofika mamita 300, chokhala ndi mizeremizere yakuda, yofiira ndi yotuwa, uliwonse ukusonyeza kuphulika kwake. Pamwamba penipeni pa phompholo ndi pamene pali midzi yotchuka ija, Fira, Firostefani, Imerovigli ndi Oia, nyumba zake zoyera mbee ndi njereza, matchalitchi ake a madenga obulungira a buluu. Pakati pa madziwo pali tizilumba tiwiri takuda bii, Palea Kameni ndi Nea Kameni, tomwe tinapangidwa ndi chiphalaphala chotuluka pansi pa nyanja. Nea Kameni anaphulika komaliza mu 1950, ndipo ukamayenda pamwamba pake umamva fungo la sufule ngati dzira lowola, ukagwira nthaka m'malo ena imatentha m'manja. Sitima zikuluzikulu zija zilibe poti zikocheze, choncho zimaima pakati pa madzi, anthu n'kumatutidwa ndi timaboti. Ena amawatsitsa ku doko la Athinios n'kuwakweza mabasi. Otsala amatsikira pa doko lakale m'munsi mwa Fira, ndipo pamenepo njira zokwerera kumtunda ndi zitatu zokha: kukwera wapansi masitepe pafupifupi 600, kukwera bulu pa masitepe omwewo, kapena kukwera tingolo toyenda pa chingwe tomwe timanyamula anthu pafupifupi 1,200 pa ola. Masamu ake ndi a sitandade 5. Anthu 8,000 atati akwere onse pa tingolo timeneti pangafunike maola pafupifupi asanu ndi awiri, ndipo madzulo ayenera kutsikanso sitima isanaimbe belu. Nanga 17,000?

Ndinaona ndekha zimene chiwerengero chotere chimatanthauza madzulo ena ku Oia. Mudziwu uli kumapeto a kumpoto kwa chilumba, ndipo mbiri yake yonse masiku ano yagona pa kulowa kwa dzuwa. Kutatsala maola awiri, kanjira kakakulu ka m'mudzimo, komwe m'malo ena anthu atatu sangayende mogundizana mapewa, kanali katatsekeka. Tinkasuntha ngati mzere wa kuchigayo, phazi limodzi, kuima, phazi lina. Pa mabwinja a linga lakale, pomwe aliyense amafuna kuimapo, anthu anali atakhala pakhoma lililonse, ena atakwera pa madenga a nyumba za eni ake. Pageti lina panali chikwangwani cholembedwa pamanja chopempha alendo kuti akumbukire kuti pano ndi pakhomo pa anthu. Pafupi ndi pamenepo mayi wina wachikulire, atavala zakuda, ananyamula zikwama ziwiri za zogula ndipo ankafuna kudutsa kupita mbali ina ya kanjirako, mtunda wosakwana mayadi asanu. Anaima nthawi yaitali. Palibe amene ankamuchitira mwano dala, kungoti maso a aliyense anali pa foni yokwezedwa m'mwamba. Dzuwa litamira anthu anaomba m'manja, kenako khamu lonse linatembenuka nthawi imodzi kuthamangira mabasi. M'mawa mwake ndinabwereranso cha m'ma 7 koloko. Kanjira komweko kanali zii, mwamuna wina akutsuka miyala ya pakhomo pake, amphaka akuwothera dzuwa, ndipo nyanja inkamveka kuchokera pansi ku kadoko ka Ammoudi. Mudzi unali womwewo, kusiyana kunali kuchuluka kwa anthu pa ola limodzi.

Tsopano timve otsutsa, ndipo tiwamve bwino chifukwa si anthu opanda nzeru. Mfundo yawo yoyamba ndi ya m'mimba. Iwo akuti achinyamata amene akudandaula za alendo sakudziwa umphawi umene chilumbachi chinachokera. Izi n'zoona. Cha m'ma 1890, Oia unali mudzi wa amalinyero olemera, wokhala ndi zombo zoyenda ndi mphepo zoposa 100 zomwe zinkagulitsa vinyo mpaka ku Russia, ndipo nyumba zikuluzikulu za eni zombo zikadalipo pamwamba pa mudzi, pomwe antchito awo ankakhala m'nyumba zokumba m'phompho ngati mapanga. Sitima za injini zitabwera malonda aja anatha. Kenako pa 9 Julayi 1956 chivomezi chachikulu chinagwetsa nyumba zambirimbiri ndi kupha anthu oposa 50, ndipo mabanja ambiri anasamukira ku mizinda ya Piraeus ndi Athens osabwereranso. Pofika m'ma 1970 ku Oia kunatsala anthu mazana ochepa chabe. Mafakitale a matimati omwe ankalemba anthu ntchito anatsekedwa limodzilimodzi, migodi ya miyala yopepuka ya phulusa, yomwe ina inakamangira ngalande ya Suez, inatsekedwanso. Chimene chinadzutsa chilumbachi ndi alendo. Ndiponso dziko lonse la Greece, lomwe mu 2013 linali ndi ulova wofika 27 peresenti, linapumira pa alendo omwewa. Ndiye munthu amene bambo ake anagona ndi njala angamve bwanji akauzidwa kuti makasitomala achuluka?

Yankho langa n'lakuti tiyang'anitsitse kuti ndani amasiya ndalama ndipo amazisiya kwa yani. Mlendo wa m'sitima yaikulu analipira kale chakudya chake ndi pogona pake kwa kampani ya sitimayo, yomwe kawirikawiri si ya ku Greece n'komwe. Amadya m'mawa m'sitima, amatsika kwa maola ochepa, theka la nthawiyo amathera pamzere, amagula kachikumbutso ndi madzi a m'botolo, madzulo amakadyanso m'sitima. Opindula naye alipo, makamaka mashopu a m'tinjira tiwiri kapena titatu ta ku Fira ndi ku Oia, eni mabasi ndi eni timaboti, ndipo sindikuwapeputsa. Koma mlendo wogona masiku anayi amalipira chipinda, amadya kangapo pa tsiku m'malesitanti osiyanasiyana, amakwera basi ya wamba, amapita kukalawa vinyo kwa alimi, amalipira polowa ku mabwinja akale a ku Akrotiri. Mlendo ameneyu ndi amene khamu lija likumuthamangitsa. Akafika ku Oia n'kupeza kuti sangathe ngakhale kusuntha mwendo, akabwerera kwawo amauza anzake kuti apite kuzilumba zina monga Naxos kapena Milos. Aliyense amene anagulitsapo pamsika amadziwa kuti benchi ikazingidwa ndi anthu ongoyang'ana, wogula weniweni amadutsa n'kukagula kwina. Choncho ngakhale titaiwala zonse n'kungoyang'ana thumba, malirewa akuteteza thumba lomwelo. Ndipo pali mtengo wina umene suwerengedwa: aphunzitsi ndi madokotala otumizidwa kukagwira ntchito pachilumbachi akhala akuvutika kupeza nyumba ya lendi, chifukwa chipinda chilichonse chimapindula kwambiri chikamagonetsa alendo. Mwana wa mwini shopu amafunikanso mphunzitsi.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya chilungamo, ndipo imandikhudza kwambiri kuposa yoyamba. Akuti msonkho uliwonse umagwera wosauka. Wolemera wogona m'chipinda cha mayuro mazanamazana usiku umodzi, chokhala ndi kadziwe kakekake kosambiramo, sakhudzidwa ndi mayuro 20 a pa doko. Koma banja limene lasunga ndalama zaka zingapo kuti likwere sitima yozungulira zilumba, yomwe nthawi zambiri ndiyo njira yotchipa yoonera malo ambiri pa ulendo umodzi, ndi limene likulipitsidwa. Kodi kukongola kwa dziko kukhale kwa anthu a ndalama okha? Funsoli ndi lolemera, makamaka kwa ife amene timadziwa kuwawa kwa kuima pamzere wa viza, kusonyeza mapepala a kubanki, n'kumayembekeza kuti wina atiloleze kapena atikanize. Sindikonda mageti. Komabe tiyeni tione kukula kwa geti ili. Munthu amene wakwanitsa kulipira ndege yokafika ku Ulaya ndi ulendo wa sabata yathunthu pa sitima sangabwezedwe ndi mayuro 20, omwe ku Oia sakwana ngakhale mbale imodzi ya nsomba. Kuwonjezera apo, msonkhowu umatsika kunja kwa miyezi yotentha, ndipo m'nyengo yozizira umangokhala mayuro 4. Amene akufuna kulipira zochepa ali ndi njira: abwere nthawi imene chilumba chili ndi mpata. Malire a 8,000 nawonso safunsa pasipoti ya munthu kapena kulemera kwake. Amangouza makampani kuti sitima zisanu zisafike Lachiwiri limodzi pamene Lachinayi kulibe ngakhale imodzi. Wopindula woyamba ndi mlendo wa ndalama zochepa yemweyo, amene ulendowu ndi umodzi wokha pamoyo wake, ndipo sanayenere kuuthera padzuwa, pamzere wa tingolo ta pachingwe.

Mfundo yachitatu ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo pang'ono ndikugwirizana nayo. Otsutsa akuti alendo a m'sitima angosandutsidwa mbuzi yonyamula machimo a ena. Mu 2023 sitima zoterezi zinafika maulendo pafupifupi 800 ndipo zinabweretsa anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, pomwe alendo onse a chaka chimenecho akuti anali pafupifupi 3.4 miliyoni. Ambiri ndiye kuti amabwera pa ndege ndi pa sitima za wamba, ndipo ndi amenewa amene amasamba kawiri pa tsiku, amafuna nsalu zochapidwa tsiku lililonse, amafuna madziwe osambiramo, ndipo chifukwa cha iwo mahotela akumera paliponse. Wa m'sitima amasamba m'sitima. Izi n'zoona, ndipo zikusemphana pang'ono ndi zimene ndanena pamwambapa zoyamikira mlendo wogona. Ndikuvomereza. Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ngati mahotela nawonso akuwononga, mankhwala ake ndi kuika malire kwa mahotelawo, osati kuchotsa malire kwa sitima. Wodwala mabala awiri samusiya osamanga bala lina poti linzake ndi lalikulu. Meya Zorzos mwiniyo wakhala akupempha boma la ku Athens kuti lisalolenso kuwonjezera mabedi a alendo pachilumbachi, ndipo pamenepa ndi pamene ndikunena kuti zimene zachitika n'zosakwanira.

Nkhani ya madzi ndi minda ndiyo imandipweteka mtima, ndipo ndikhalapo pang'ono. Santorini imalandira mvula yosafika mamilimita 400 pa chaka, yosakwana theka la imene imagwa ku Lilongwe, ndipo m'miyezi yotentha sikugwa ngakhale dontho. Makolo a kumeneko ankakolola madzi a mvula kuchokera padenga n'kuwasunga m'zitsime zomangira pansi pa nyumba. Lero madzi ambiri amachokera m'nyanja, ochotsedwa mchere ndi makina odya magetsi ochuluka, ndipo mu Ogasiti 2013 moto utabuka pamalo opangira magetsi, chilumba chonse chinakhala mumdima alendo ali thothotho. Pa nthaka youma chonchi alimi anaphunzira luso lomwe sindinalionepo kwina. Tsiku lachitatu ndinayenda wapansi kuchokera ku Pyrgos kutsikira ku Megalochori, ndipo m'minda ya m'mbali mwa msewu sindinaone mitengo kapena mawaya oyanzikapo mpesa. Ndinaona timilu tobiriwira tili pansi, motalikirana. Mkulu wina amene ankagwira ntchito m'munda mwake ataona kuti ndaima ndikudabwa anandikodola. Chinenero sitinkamvana, koma anagwada n'kutukula masamba. Nthambi za mpesawo zinali zolukidwa mozungulira, chaka ndi chaka, mpaka kupanga nkhata yaikulu ngati dengu lopanda pansi, ndipo mphesa zinkalendewera m'kati mwake, zobisika ku mphepo yamkuntho ya chilimwe ndi ku mchenga umene imauluza. Iwo amati kouloura. Anatapa dothi n'kundipatsa m'manja: timiyala totuwa, topepuka, tokhala ndi timabowo ngati siponji. Kenako analoza kunyanja, n'kugwedeza zala kutsitsa pansi. Ndinamvetsa kuti akunena za nkhungu ya usiku, yomwe imakwera kuchokera m'phompho, timiyalato n'kuimwa, mpesa n'kumwa kwa timiyalato. Ndinati, "Zikomo kwambiri, bambo," m'chinenero changa, iwo anagwira pamtima.

Mphesa imeneyi, yotchedwa Assyrtiko, ndiyo imapanga vinyo wotchuka wa pachilumbachi, ndipo ikayanikidwa padzuwa imapanga vinyo wotsekemera wa Vinsanto. Kachilombo kamene kanapha mipesa yambiri ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 kanalephera kukhala m'dothi la phulusali, n'chifukwa chake mizu ina ya m'minda imeneyi ndi yakale kuposa agogo a agogo a mwini munda. Dothi lomweli limabala timatimati tating'ono tokoma kwambiri tomwe amakazinga ngati zitumbuwa, ndiponso mtundu wa nsawawa umene amaphika n'kupota mpaka kufanana ndi chipere chathu, amati fava. Kwathu timati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa ndipo tiyenera kumusamala. Ku Santorini mame ndi amene asunga mpesa kwa zaka mazanamazana, pomwe alendo, akachuluka mosawerengeka, akuuzula. Minda ya mpesa yakhala ikuchepa zaka zonsezi chifukwa munda umodzi ukagulitsidwa kwa womanga hotela umabweretsa ndalama zimene mlimi sangazipeze pa zokolola za zaka zambiri. Sindingamuweruze mlimi wogulitsa. Kuseri kwa munda wa mkulu uja kunali kale maziko a simenti ndi zitsulo zitatulukira m'mwamba. Nyumba yogwa ndi chivomezi imamangidwanso, monga anachitira ku Oia, koma mpesa wa zaka mazana awiri ukazulidwa n'kuthirapo konkire palibe ndalama imene ingaubweze.

Mfundo yachinayi inabwera pambuyo pake. Kumayambiriro a 2025 nthaka inayamba kugwedezeka pakati pa Santorini ndi chilumba cha Amorgos, zivomezi masauzande ambiri pa masabata ochepa, zina kupitirira 5 pa sikelo yoyezera. Sukulu zinatsekedwa, boma linalengeza kuti chilumbachi chili pangozi, ndipo anthu oposa 10,000 anachoka pa ndege ndi pa sitima. Nkhaniyi itamveka padziko lonse alendo ambiri anasintha maganizo, ndipo amalonda anayamba kufunsa kuti, pamene makasitomala athawa okha, n'chifukwa chiyani boma likuwonjezera msonkho ndi malire? Kudandaulaku n'komveka kwa munthu amene ali ndi ngongole ya kubanki ndi antchito oti awalipire. Koma kwa ine zivomezi zimenezi ndi umboni waukulu kuposa wina uliwonse woti malire akufunika. Zinachitika mu Febuluwale, nyengo yozizira, pachilumba pali eni ake ndi antchito ochepa, komabe pa doko la Athinios panali mizere yaitali ya magalimoto ndi mabanja odikira sitima. Doko limeneli lili pansi pa phompho, ndipo msewu wake ndi umodzi, wokhotakhota ngati njoka, miyala ili pamwamba pa mutu. Tangoganizani kugwedezeka komweko kutachitika masana a mu Ogasiti, mahotela onse ali odzaza, anthu ena 17,000 ali m'tinjira ta Fira ndi Oia, ndipo njira yawo yobwerera kusitima ndi chingwe chimodzi ndi masitepe opendekera pansi pa miyala yosakhazikika. Mwini holo ya ukwati salola anthu opitirira mlingo ngakhale onse atakhala ndi makhadi, chifukwa amadziwa kukula kwa zitseko zake. Kuti chaka china anthu abwera ochepa si chifukwa chochotsera mlingowo, popeza chaka chotsatira adzabweranso.

Ndiponso chilumbachi chili ndi mphunzitsi wake pankhaniyi. Kum'mwera, ku Akrotiri, katswiri wofukula zakale Spyridon Marinatos anayamba kukumba mu 1967 ndipo anapeza tauni yathunthu itakwiririka m'phulusa la kuphulika kwakukulu kuja: nyumba zosanja kawiri ndi katatu, ngalande zotayira madzi oipa pansi pa misewu, mitsuko ikuluikulu ili m'malo mwake, zithunzi zapakhoma za asodzi, anyani a buluu ndi anamzeze akuuluka pakati pa maluwa. Umayenda pamwamba pa misewu yawo pansi pa denga lalikulu lotchinga mabwinjawo. Chodabwitsa n'chakuti sanapezemo mitembo ya anthu ophedwa ndi phirilo, ndipo zinthu zagolide n'zosowa kwambiri. Zikuoneka kuti eni tauniyo anamva zivomezi zoyambirira, anasonkhanitsa zamtengo wapatali n'kuchoka nthawi ikadalipo. Mwina anatha kutero chifukwa anthu ndi mabwato zinali zolingana. Phiri lina lili pansi pa nyanja makilomita ochepa kumpoto chakum'mawa, lotchedwa Kolumbo, ndipo litaphulika mu 1650 mpweya wake wapoizoni unapha anthu pafupifupi 70 ndi ziweto zambiri pachilumbachi. Ngakhale madzi odekha a pakati pa phompho ali ndi mbiri yake: mu Epulo 2007 sitima ya alendo yotchedwa Sea Diamond inagunda mwala n'kumira pafupi ndi Athinios, anthu awiri sanapezeke, ndipo sitimayo ikadali pansi pomwepo. Sindikunena izi kuti ndiopseze aliyense. Akatswiri amayang'anira phirili usana ndi usiku, ndipo ine ndingapitenso mawa lomwe. Ndikungonena kuti amene amalandira alendo pamalo otere ali ndi udindo wodziwa kuti ali nawo angati.

Otsutsa ena amangoti msika udzakonza zonse wokha, khamu likafika potopetsa anthu adzasiya kubwera. Mwina adzasiyadi, koma pofika nthawiyo minda idzakhala itatha ndipo eni mudzi atasamuka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Za abulu, omwe ena amati malirewa awalanda ntchito eni ake, yankho langa n'lalifupi. Mu 2018 boma linalamula kuti nyamazi zisamanyamule katundu wopitirira makilogalamu 100, ndipo aliyense amene anaziona zitaima padzuwa pa masitepe aja masana angavomereze kuti kuchepa kwa okwera pa ola limodzi ndi chifundo kwa izo.

Chimene malire amachita, chomwe otsutsa sachitchula, n'chakuti amatsegula maso a mlendo ku chilumba chonse. Pamene anthu masauzande ankapanikizana ku Oia, ine madzulo ena ndinakwera tinjira tozungulira ta Pyrgos mpaka pa linga la pamwamba, pomwe umaona mbali zonse ziwiri za nyanja ndi minda ili m'munsi, ndipo tinalipo anthu osakwana makumi awiri. Dzuwa linali lomwelo. Ku Emporio kuli mudzi wakale womangidwa ngati linga, nyumba zolumikizana khoma ndi khoma poteteza anthu ku achifwamba a panyanja, timipata take tongokwana munthu mmodzi. Pamwamba pa phiri la Mesa Vouno pali mabwinja a mzinda wakale wa Thera, ndipo pafupi pake pali phiri la Profitis Ilias, lalitali kuposa onse pa mamita 567, lokhala ndi nyumba ya amonke pansonga. Pali njira ya wapansi ya makilomita pafupifupi 10 yochokera ku Fira kukafika ku Oia, yotsata mlomo wa phompho, yomwe imatenga maola atatu kapena anayi ndipo silipiritsa kanthu. Tsidya lina la madzi kuli Therasia, chidutswa cha chilumba chomwechi chomwe chinaduka pa kuphulika kuja, komwe moyo ukuyendabe pang'onopang'ono. Zonsezi mlendo wa maola asanu sazifika, ndipo ndalama zake sizifika kwa anthu a m'midzi imeneyi. Sitima zikamabwera zochepa pa tsiku zikhoza kukhalitsa, mabasi akhoza kugawikana, ndipo mayi wophika fava ku Megalochori akhoza kuona nawo phindu lomwe lakhala likuunjikana m'tinjira tiwiri.

Pali nkhawa imodzi ya otsutsa imene ndikuisiya ili chiimire chifukwa ndi yanganso: kodi mayuro 20 amenewa akupita kuti? Boma linalonjeza kuti gawo lina lizibwerera ku makhonsolo ndi kukonza madoko. Anthu a ku Santorini ali ndi ufulu woona lonjezolo ndi maso, chaka ndi chaka, ndalama zotoleredwa zitalembedwa poyera pamodzi ndi ntchito imene zagwira. Zoyamba kugwiridwa zikudziwika kale: kumanga miyala yolendewera pamwamba pa msewu wa Athinios ndi pa doko lakale, njira yachiwiri yotulutsira anthu pakagwa ngozi, malo oyenera otayira zinyalala, nyumba za aphunzitsi ndi anamwino, ndi thandizo kwa mlimi amene wasankha kusunga mpesa wake pomwe womanga hotela wafika kale pakhomo ndi ndalama m'manja. Ngati patapita zaka zitatu palibe chimodzi mwa izi chooneka, ndidzalemba pano motsutsa boma la ku Athens ndi mphamvu yomweyi, ndipo chimene ndidzafune n'chakuti ndalamazo zibwezedwe kuchilumba, malire a 8,000 akhale pomwepo.